Chitoliro cha Bambo Chili pa Tebulo la Mmisiri Wina

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Ndine mayi wapabanja kuno ku Kilrush, ndimagulitsa m'sitolo ya mankhwala, ndipo ndimaimba zitoliro zathu zija zopopa ndi chigongono. Nkhani yanga ndi ya chitoliro cha malemu bambo anga, chija cha mabowo chimene timagwira ndi zala. Pano ndikulemba chili pa tebulo la mmisiri wina ku Ennis, ndipo akuti sabata ikubwerayi achipala m'kati. Ndinachipereka ndine, ndi manja angawa, koma kuyambira tsikulo chakudya sichikulowa.

Chitolirocho anachisema ndi a Ambrose Hehir ali mnyamata, pa mtengo wa phingo. Iwo ndi bambo anga, a Thady, anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Bambo moyo wawo wonse ankaimba ndi zinthu zitatu zokha, thumba, mvukuto ndi chitolirocho. Ukawafunsa za zong'ung'udza zija zimagona pamiyendo, ankangoti, "Izo n'za anthu ofuna pobisa zolakwa zawo." Mawu a chitolirocho ndi otsika, achikale, osapokosa. Ndikachidzutsa pabondo n'kutulutsa liwu lapansi lija, akuluakulu amene ankawadziwa bambo amasiya zolankhula n'kutembenuka. Za bambo zimene ndinatsala nazo n'zomwezo, nyumba tinagulitsa kale.

Bambo atamwalira ndinapita kwa a Ambrose kukawapempha kuti andipangire zotsalazo, zong'ung'udza ndi zoyankhira zija timadinda ndi dzanja, kuti zida zikwane. Anavomera mosavuta. Anati, "Ndikupangira, mwana wa Thady, koma kuona maso a nkhono n'kudekha." Kudekha ndinadekha ndithu. Nthawi imeneyo mwana wanga anali asanayambe sukulu, pano akumeta ndevu. Ndikudziwa kuti kudikira mmisiri wa zitoliro ndi mwambo wathu, wodandaula amasekedwa. Koma Aphungu, manja a mkuluyo ayamba kunjenjemera. Ulendo watha nditawayendera, pothira tiyi theka linathera pa sosala. Matabwa anga ali pashelefu pomwe paja, fumbi lili mbuu. Iwo anaona kuti ndaona, ine ndinaona kuti aona, ndipo tinangokamba za mvula.

Ndiye kunabwera uthenga woti pa msonkhano wa oimba zitoliro wa chilimwe chino akufuna ndikatsegule tsiku pokumbukira bambo. Amuna anga a Jarlath, amene sadziwa ngakhale kumene mvukuto umamangidwa, anandiyambira pomwepo. Anati, "Inu mudikira mpaka liti? Mkuluyo adzakupangirani ali kumanda? Pitani kwa Ultan, anthu onse akupita kumeneko."

Ultan Queally anaphunzira ntchito kwa a Ambrose omwewo, kenako anayambana, n'kukatsegula malo akeake ku Ennis. Chimene anakanganirana sindichidziwa, koma ngakhale pamaliro sapatsana moni. Zitoliro zake n'zabwino, sindinama, mawu ake ndi omveka, ndipo sachedwetsa anthu.

Ndinapita mwakachetechete. Ultan anachiimba pang'ono chitolirocho, akuyang'ana kamakina kake koyezera mawu, n'kupukusa mutu. Anati, "Achemwali, chitolirochi chagona pakati, sichili pa muyeso uliwonse. Mkuluyo ankayeza ndi khutu, ndiye khutu lake linali ndi maganizo akeake. Zoyankhira zanga sizingamvane nacho. Ndingochipala pang'ono m'kati, ndikulitse mabowo awiri apansiwa, chikwera bwinobwino. Mukatero muziimba ndi aliyense kumalo omwera mowa, a vayolini asiya kukuyang'anani ndi diso lofiira." Nditamufunsa ngati mawu ake asinthe, anaseka. Anati, "Asinthe kumene, si ndizo mwadzera? Ndachita zimenezi kwa ambiri, palibe anabwera akulira." Anandilonjeza kuti pofika chilimwe zonse zikhala zitatha. Ine ndinangoti chabwino, n'kuchisiya. Ndili m'njira, bokosi lopanda kanthu linkangogubuduka kumbuyo kwa galimoto.

Lamulungu potuluka Misa, a Ambrose anandigwira mkono pageti. Anati, "Iwe mwana wa Thady, ndapeza bango labwino lochokera ku Spain. M'mawa manjawa amandimvera. Ubwere nacho chitoliro cha bambo ako ndichisemere kalilime katsopano kotulutsa mawu, ndimve ngati chikadandidziwa." Ndinayankha kuti ndibwera nacho. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anangovala chipewa n'kumapita.

Tsono ndichite bwanji? Ndikakachilanda, Ultan akwiya, andichotsa pamzere, ndipo ndikaima pamaso pa anthu onse aja ndi zida zosakwana. Ndikachisiya, ndikuopa kuti chikabwera sindidzachizindikira. Nanga a Ambrose akamva kuti ntchito ya manja awo ndinakaipereka kwa munthu amene samufuna n'komwe, si ndiwapha ine? Mmisiri woyenera kumusankha ndi uti? Ndithandizeni, mutu wanga waima.

N.C., Kilrush

A N.C.,

Kalata yanu ndaidumphitsa pamzere, ena andikhululukira. Werengani mpaka pansi, kenako mutenge makiyi a galimoto. Pitani ku Ennis mukatenge chitoliro cha bambo anu. Lero, osati mawa. Musaimbe foni kaye, chifukwa pafoni mnyamatayo akunyengererani ndi mawu okoma ndipo mugonjanso monga momwe munagonjera tsiku lija. Mukaonekere pakhomo pake ndi bokosi lanu, thumba ndi mvukuto zomwe.

Mwasakaniza nkhani zambiri m'mutu, n'chifukwa chake waima. Msonkhano wa chilimwe ubwera n'kupita. Mkwiyo wa Ultan udzazizira, ngakhale wa a Ambrose ungathe kuzizira. Chinthu chimodzi chokha mu nkhani yanu sichibwerera, ndicho thabwa limene chitsulo chapala. Madzi akatayika saoleka, mayi.

Pa zida zimenezi chitoliro ndiye mwini nyumba, zong'ung'udza ndi zoyankhira ndi alendo. Kodi munaonapo mlendo akugumula khoma kuti bedi lake likwane? Zatsopanozo ndi zimene ziyenera kusemedwa motsata mawu a chitoliro chanu. Ine ndakula ndikumva zitoliro zachikale zimene anthu anazipala kuti zikwere, ndipo eniake onse amanena chimodzimodzi, kuti chikumveka bwino, koma amanena akuyang'ana pansi.

Sindikuti Ultan ndi wakuba. Ntchito yake ndi yaukhondo, ndipo akamati a vayolini asangalala sakunama. Vuto lake n'lakuti akufuna kuti chitoliro chanu chimvere zitsulo zake zopalira, chifukwa kusula zitsulo zatsopano zoyenerana nacho kumadya nthawi. Ndiye mukafika mukamufunse funso limodzi ili, mwaulemu: kodi mungandipangire zoyankhira zotsata chitolirochi osachikhudza m'kati? Akakanda mutu n'kunena kuti zitheka koma zichedwa, ameneyo ndi mmisiri, mutha kumuganizira. Akaseka n'kubwereza za kupala zija, mumuthokoze basi. Ngati mtima wanu ukufunadi kuimba ndi anzanu kumalo omwera mowa, dzagulani kwa iye zida zonse zatsopano, chitoliro chake chomwe, ndipo cha bambo anu chikhale momwe chiliri. Palibe lamulo loletsa munthu kukhala ndi zitoliro ziwiri.

Posankha mmisiri, kaya ndi iye kaya wina, musamvere zida zatsopano zonyezimira pa tebulo lake. Zonse zimakoma tsiku loyamba. Funani anthu amene akhala ndi ntchito yake zaka zingapo, imene yadutsa m'chinyontho chathu chino ndi m'zipinda zotenthetsedwa, muwapemphe akuimbireni, nanunso muimbepo. Muwafunse kuti kalilime kakafa kutatsala pang'ono kuti akaimbe pa ukwati, mmisiriyo amayankha foni kapena amazimitsa. Muwafunsenso ngati anagwirapo zida zachikale za amisiri ena, ndipo zinabwerako zili bwanji. Safunsa anadya phula. Inu munangomvera a Jarlath, amene mwanena nokha kuti sadziwa pomanga mvukuto. Awuzeni kuti ndati zikomo chifukwa cha chikondi chawo, koma pa nkhani iyi aziphika tiyi.

Za chilimwe musazitengere pamtima. Anthuwo sanakuitanireni kuti akawerenge zitsulo pamiyendo yanu. Akufuna akamve liwu limene analizolowera kwa a Thady, ndipo a Thady sankanyamula zambiri kuposa zimene muli nazo. Wina akakunenani kuti zida sizinakwane, mumuyankhe ndi mawu a bambo anu omwe aja.

Tsopano a Ambrose. Mukuganiza kuti sakudziwa? Mkulu amene wakuyang'anani nthawi yaitali pageti la tchalitchi n'kuvala chipewa n'kumapita, wanunkhiza kale. Oimba zitoliro m'dera lino ndi ochepa ndipo pakamwa pawo sipatsekeka, nkhaniyi iwapeza, inu mufune musafune. Kuli bwino aimve kwa inu. Pitani m'mawa, nthawi imene ati manja amawamvera, muwapatse chitolirocho aseme kalilime kawo. Ntchito imeneyo akadaitha, musawalande. Akamaliza muwauze zonse mosazungulira, kuti munatopa kudikira, munachita mantha ndi manja awo, munapita kwa Ultan, ndipo mwakachilanda. Akakalipa, akalipe, inu khalani pampando pomwepo mumwe tiyi wanu. Mtima ukatsika muwafunse kuti, ngati iwo sangathe kumaliza, angakhulupirire ndani kuti amalize. Funso limeneli n'lowawa, koma limawasiyira ulemu woti asankhe okha. Musayese kuwayanjanitsa ndi Ultan, imeneyo si ntchito yanu, ndipo mungapse manja.

Chenjezo langa ndi ili. Ultan akakupatsani chitolirocho, musachiponye m'bokosi n'kuthawa chifukwa cha manyazi. Mangani mvukuto pomwepo, muchiimbe iye akumva, kuyambira liwu lapansi mpaka pamwamba. Amisiri ena akanena kuti ayamba sabata yamawa, amakhala atalowetsako kale chitsulo kuti aone. Mukamva kuti chasintha, musakuwe, ndipo musalole kuti achikonzenso, ngakhale alumbire. Nyamulani mulunjike kwa a Ambrose tsiku lomwelo, kaya ndi masana kaya manja awo akunjenjemera bwanji. Mwina sichingabwerere chonse, koma pa dziko lonse ndi iwo okha amene akudziwa momwe m'kati mwake munalili. Manyazi anu angathe kudikira, koma mkuluyo sadikira nthawi yaitali.

Aphungu