Masatifiketi ali m'sutikesi ya malemu

Alamu Sharifu,

Pepani, ndachoka osatsanzika. Ndakwera minibasi ya ku Dwambazi.

A ku yunivesite aja andiimbira m'mawa uno kuti ndikaonekere ku intavyu Lachinayi, nditatenga masatifiketi enieni, osati mafotokope. Paja ndinafunsira ntchito zitatu: ya uphunzitsi, ya kafukufuku wa nsomba, ndi ya mu ofesi ya kalembera. Mayi woimbayo sananene kuti andiitanira iti, inenso ndinangoti zikomo kwambiri n'kudula. Ndayesa kuimbanso koma sakuyankha. Pano sindikudziwa ngati ndiwerenge za chambo kapena za mafayilo.

Masatifiketiwo ndafufuza nyumba yonse, n'chifukwa chake mupeza matiresi anu ali pansi. Si akuba, ndine. Kenaka ndakumbukira kuti mapepala anga onse ankasunga ndi malemu achemwali anu, m'sutikesi yawo yobiriwira ija. Tsiku logawa katundu wawo, titachita sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi ija, ine ndinakhala panja, ndiye sindinaone amene anaitenga. Ndikuganiza kuti ndi a Nasra, akulu awo a ku Dwambazi, koma mwinanso ndi azakhali a ku Liwaladzi. Inu munali m'nyumbamo. Mukakumbukira ndiimbireni msanga, ndisazungulire pachabe.

Chonde muwaimbirenso amene anaitengawo ndisanafike. Muwauze kuti sindikubwera kudzalanda kanthu. Sutikesiyo atsegule okha, andipatse envulopu yakhaki yokha basi. Ine ndikadikira pakhonde.

Usman