Ulemu wa alamu waononga chithunzi

Lachinayi, 16 Meyi 1996, Kapata

Tsiku lolemera. Ndinaperekeza alamu anga a Tembo kuchipatala. Abwera kuchokera ku Kasenengwa ndi mphuno yotuluka magazi, khutu logontha ndi chotupa m'khosi.

Wojambula ekisile anawakhazika bwinobwino, nabisala kuseri kwa khoma, nkufuula kuti, "Bambo, musagwedezeke!" Alamu, munthu woleredwa bwino, anaweramitsa mutu nkuyankha kuti, "Wawa." Makina anajambula ulemuwo.

Adokotala anakweza chithunzicho pawindo. Chinali ngati utsi wa lupsa. Akuti chomwe akuchiopa ndi khansa ya kuseri kwa mphuno, koma pa chithunzi chotere sangalembe kalikonse. Anatchulanso makina a MRI, oonetsa mnofu weniweniwo, omwe akuti ali ku Joni. Kwa mlimi wa thonje, kumeneko ndi kumwezi. Tikajambulitsenso mawa, chikaoneka bwino atitumiza ku Lusaka.

Madzulo tinayamba sukulu pakhonde, yoti alamu azolowere kusagwedezeka. Ndimawaitana, iwo asayankhe. Amalephera nthawi zonse.

"Alamu, munthu akuitane iwe nkungoti duu ngati chitsa? Si kwathu kumeneko," anatero a Tembo.

Kenako achemwali anga, akazi awo a alamuwo, anatuluka ndi madzi osamba m'manja nkuwaitana. "Bambo a Mavuto!" Alamu anakhala chilili, maso patsogolo, osaphethira. Ndinawaombera m'manja kuti akhoza. Achemwali sanaseke. Anaika beseni pansi nkunena kuti, "Musawaphunzitse zimenezo, achimwene. Ine ndikufuna azindiyankhabe."

Mawa bola alamu angokhala chete kamphindi kamodziko pojambulidwa, kenako aziwayankhabe achemwali...