Za makoswe anga ndi za Boaz

Okondedwa Amalume a Gideon,

Ndikhulupirira muli bwino ndi banja lonse ku Kitwe. Ine ndili kuno ku Chipata patchuthi. Mvula yayamba, ndipo amayi adzala kale chimanga ku Madzimoyo.

Munafunsa za ntchito yanga ku yunivesite. Timaika makoswe oyera m'bokosi la zipinda ziwiri. M'chipinda chimodzi amalowamo titawabaya mankhwala ozunguza bongo, m'chinacho amalowamo osabayidwa. Tikasiya kuwabaya n'kuwatsegulira chitseko, amakakhala m'chipinda cha mankhwala chija ngakhale mulibe kanthu. Chodabwitsa n'chakuti madzi otsekemera amene anamwa tsiku lobayidwa sawafunanso. Mankhwala omwewo amawanyansa, amawakokanso.

Mlongo wanga Boaz anatuluka m'chipatala mwezi watha. Wanenepa, akupita kutchalitchi, ndipo akuti fungo la mankhwala a chifuwa amene ankaledzera nawo aja likumuchititsa nseru. Amayi akondwa kwambiri.

Dzana ndinapita naye ku boda ya Mwami kukatenga katundu. Titafika pamene amaimika malole, pomwe ankagula mankhwala aja, anaima n'kunena kuti, "Asisi, tsogolani, ndikupezani." Ndinamudikira mu minibasi mpaka inadzaza. Anabwera akutafuna chingamu, n'kukhala pa mpando wakumbuyo. Sindinamufunse kanthu, ndipo amayi sindinawauze.

A Enoch a kutchalitchi akufuna kumulemba ntchito yonyamula katundu pa boda pomwepo, ndipo amayi avomera. Kodi ku Kitweko sikungapezeke kantchito kena? Musanayankhule ndi amayi, mundiimbire ine kaye.

Mupereke moni kwa onse.

Ine mwana wanu,
Millicent