Masamusa a Tsiku la Ubatizo

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno kukuzizira monga mukudziwira, chifunga chochokera ku Chongoni chikumafika mpaka pakhomo, koma tonse tili bwino.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Pakati paja munandisiya napo ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi, dzina lake Tiyamike. Mphuno ndi yanu, ngakhale apongozi anga akukana. Mbatatesi chaka chino zabereka, kabichi yekha ndiye anatha ndi mbozi. Denga la khitchini likudonthabe pakona paja.

Amene ankandidetsa nkhawa ndi abambo. Chichokereni inu, chakudya ankangolawa n'kukankha mbale. Thalauza linayamba kuwakhwepa. Pabwalo pakakhala anthu, iwo ankalowa m'nyumba. Ndiye pamene ubatizo wa Tiyamike ku Kasina unayandikira, mtima sunali m'malo. Phwando lanji agogo a mwana atadzitsekera kuchipinda?

Loweruka kunabwera achimwene anga a Fanuelo kuchokera ku Lilongwe, pamodzi ndi mlamu wanga Edina, uja munkamuseka kuti amadula anyezi ngati akuopa kumupweteka. Edina anatulutsa kapaketi m'chikwama nati, "Mlamu, awa ndi mapepala a ufa wa tirigu, amati filo. Mawa tikulungiramo nkhuku, tipange masamusa." Nditatsegula ndinaseka. Amayi, kupyapyala kwake! Ukaika pachikhatho, mizere ya m'manja imaonekera.

Lamulungu titabwerako ku Misa tinayamba ntchito. Tambala tinali titamuwiritsa kale. Tinadula nyama tizidutswa ting'onoting'ono, n'kukazinga ndi anyezi, adyo, jinja ndi zonunkhiritsa zina zimene Edina anabweretsa. Mpaka apa zonse zinali bwino. Kulakwa kwathu kunali kuika tebulo panja. Mphepo ya kuno mukuidziwa. Pepala loyamba linauma n'kuthetheka ngati tsamba la chimanga. Lachiwiri linauluka n'kukakodwa mumtengo wa pichesi, ndipo litagwa mbuzi sinachedwe nalo. Alendo anali atayamba kale kukhala pamphasa. Edina misozi inalengeza. "Mlamu, tachita manyazi lero."

Pamenepo ndinakumbuka zimene munkandiuza zitumbuwa zikamandipserera: "Aginesi, khala kaye pansi. Manja onjenjemera saphika." Tinakhaladi pansi. Kenako tinanyamula zonse kulowa nazo m'khitchini, kutseka chitseko, mapepala aja n'kuwaphimba ndi nsalu yonyowa pang'ono. Ine ndinkapaka mafuta ndi nthenga yotsuka bwino, Edina n'kumaika nyama ndi kupinda makona atatu. Manja aja munkawaseka, Amayi, pakupinda alibe mnzake. Uvuni tilibe, ndiye tinatenga poto wanu wa chigumu, makala pansi, ena pachivindikiro.

Oyamba atangopsa, chitseko chinatseguka. Anali abambo, pakhomo la khitchini pamene sanapondepo chichokereni inu.

"Kodi mwayamba kuphika mapepala?"

Ndinawapatsa imodzi. Ataluma, nyenyeswa zinamwazikira pajekete lawo la kutchalitchi. Anatafuna nthawi yaitali.

"Kukoma kulipo," anatero. "Koma amayi ako akanati mwaumira tsabola."

Anatuluka n'kuzungulira kuseri kwa khola, ndipo anabwerako ndi tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja. Amayi, tsabola wanu uja ine ndinkayesa anauma kalekale. Kani iwo akhala akumuthirira m'mawa uliwonse osauza munthu. Anakhala pakampando kanu n'kumudula okha, akutilangiza ngati anayamba aphikapo.

Nyama yotsala yonse tinathira tsabola ameneyo. Apongozi anga ankapukuta misozi ndi chitenje uku akutambasula dzanja kuti awonjezere. Achimwene anathamangira ku ndowa ya madzi. Abambo anakhala pabwalo mpaka alendo onse atapita, Tiyamike ali pamwendo, akudya ndi kuseka anthu amene tsabola anawagonjetsa. Kuseka kuja ndinali nditakuiwala mamvekedwe ake. Ndinalowa m'nyumba n'kulira pang'ono, koma musadandaule, sikunali kulira kwa tsiku lija la maliro anu.

Dzulo abambo anandifunsa kuti Edina abweranso liti ndi mapepala ake. Madzulo anamaliza mbale yonse ya nyemba.

Tsalani bwino, Amayi. Ndimakukondani monga kale. Abambo ndiwasamala, ndipo Tiyamike akangoyamba kuyenda ndidzabwera naye kumene munagonako, adzafike ndi mapazi ake, mudzamuone.

Ndine mwana wanu,
Aginesi