Mazira M'mimba mwa Nsomba Zazimuna

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira ntchito ikuyenda bwino kuchipatala kwanuko. Ife tilipo.

Ndikufunseni, poti ndinu anamwino. Masiku ano ndikamatumbula nsomba za mumtsinje wathu uno, ndikumapeza mazira ngakhale mwa zazimuna. Mayi wina woyeza madzi wandiuza kuti mankhwala olera amene anthu amamwa amatuluka ndi mkodzo, n'kutsikira mumtsinje, ndipo amasokoneza matupi a nsomba.

Alamu anu atamva anaseka, amvekere, "Ndiye kuti tambala nayenso ayikira posachedwa!" Koma kuyambira tsiku limenelo nsomba sakuzikhudzanso, akuti zawakwana.

Kodi zimene zikusintha nsombazi zingafikenso kwa munthu? Mukudziwa kuti m'nyumba muno mukadali zii, ndipo apongozi ayambiranso kundiyang'ana pamimba.

Poyankha mulembere ine ndekha.

Ndine mng'ono wanu.