Maganizo Anga Ndikuwadziwa Kale

Lolemba, 14 Okutobala 2024

South Bend, ku koleji, kunja kuno. Chimangirizo changa cha litiricha chabwera. Ziro. Pamwamba inki yofiira, ndikaonane ndi aphunzitsi Lachitatu. Akuti ndaba mawu. Ine Upile, wakuba? Chakudya sichikulowa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndinapita. Aphunzitsiwo amafuna tizingoti Tiffany, ngati mnzathu wosewera naye fulaye. Lilime limakana, ndimati Madamu.

Anaika pepala langa pambali pa manotsi awo. Ndime zitatu, mawu ndi mawu. Inde ndi awo, nanga akanakhala a yani? Ku sekondale ku Zomba tinkaloweza manotsi a aphunzitsi n'kuwabweza osasintha kalikonse, ndipo ine ndinali katswiri. Ndimayesa ndikuwalemekeza.

"Maganizo anga ndikuwadziwa kale. Ndikufuna ako." Anatero.

Akuti ndilembenso mwezi usanathe. Apo ayi andichotsa m'kalasi, maphunziro anga achepa, koleji idziwitsa boma, chilolezo chokhalira kuno chafa. Ndikuopa kwambiri.

Loweruka, 19 Okutobala

Kwa Anti Magdalene, alongo awo a Bambo, ku Lawrence. Angoweruka ku chipatala, mapazi otupa ali pa mpando. Ndinawauza zonse.

"Ukanangopanga nursing ngati anzako. Ndakatulo zidzaku-sponsora green card?" Kenako, atafewa: "Ungo-apologiza mwana wanga, ulembe zomwe akufuna."

Vuto lake n'lomwelo. Zomwe amafuna ndinalemba kale.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndawerenganso nkhani ya m'kalasi imene ndinalembapo chimangirizo chija. Mwamuna wogwira ntchito kutali. Bambo ake amwalira, iye osapita ku maliro, m'mawa mwake ali pa ntchito. Kalasi yonse inati ndi wouma mtima. Madamu nawo chimodzimodzi. Ine ndinagwedeza mutu n'kukopera.

Koma ndi bodza.

Mu Malichi Bambo atatisiya, viza yanga ya m'pasipoti, yolowera m'dziko muno, inali itatha. Anti anati ndikatuluka sadzandilolanso kulowa. Maliro ndinaonera pa foni, bokosi likutsika, netiweki ikudukaduka. Tsiku lomwelo ndinakakhala m'kalasi chifukwa m'chipinda ndikanapenga. Palibe anadziwa.

Nanga munthu amayamba bwanji kuuza aphunzitsi kuti alakwitsa?

Lachinayi, 31 Okutobala

Ndapereka chimangirizo chatsopano. Ana a aneba avala zigoba akupempha maswiti, mwambo wa kuno. Ndalemba kuti mwamunayo anapita ku ntchito chifukwa kunalibe kwina kokalirira. Za foni ija ndaikamo. Mawu akuti "sindikugwirizana nanu" ndinawafufuta n'kuwalembanso kangapo. Amayi atamva kuti ndikutsutsa aphunzitsi angati ndalowa chizungu.

Lolemba, 4 Novembala

Ndakhoza. Mlandu watha, m'kalasi ndikhalabe.

Madamu maso ofiira, anandigwira dzanja. Akuti sanaionepo nkhaniyo mwanjira imeneyi, ndikawerenge pamaso pa kalasi Lachitatu. Ndinati chabwino. Aphunzitsi sakanidwa.

Ndimayembekeza kukondwa. Ayi ndithu. Pa basi manyazi okhaokha. Manda a Bambo sindinawaone, dothi sindinaponye, koma maliro awo ndagula nawo malikisi. Mkuja ndikawayalanso pamaso pa anthu osadziwa ndi dzina lawo lomwe.

Anti alemba pa foni kuti Mulungu ndi wabwino. Amayi aimba kawiri kuchokera ku Zomba, akufuna kumva za sukulu. Sindinayankhe.