Musasasule Malata Ndisanaone Madontho a Dzuwa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo chilandirireni uthenga wanu wakuti kumapeto kwa mwezi uno mukusasula malata a shedi ya malemu abambo. Sindikukana, denga lija latha. Koma tandimverani kaye.

Mukudziwa kuti kuntchito kwathu timapanga masewera a pakompyuta, ndipo mbali yanga ndi kujambula zipinda zimene wosewera amadutsamo. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti m'masewera atsopanowa ndinalowetsamo shedi ija mwakachetechete: benchi yopalirapo matabwa, sowo pamsomali wake, utuchi pansi, mpaka kapensulo kaja kamene abambo ankapana kukhutu. Anzanga amangoti ndi chipinda cha kalipentala, basi.

Vuto lili apa. Masewerawa ali ndi njira ziwiri zoonetsera zithunzi. Yoyamba ndi yokongola. Kompyuta imawerengera yokha mmene kuwala kukuyendera, ndiye dzuwa limalowa m'timabowo ta malata n'kugwera pansi madontho madontho, fumbi likuuluka m'kati mwake. Koma imalemetsa makina. Imangotulutsa zithunzi 30 pa sekondi, ndipo pa kompyuta yakale wosewera akatembenuka chithunzi chimatsimphina. Yachiwiri ndi yothamanga, zithunzi 60, kuyenda myaa, koma kuwala konse kuja imakutaya. Shedi imangosanduka bokosi lotuwa.

Sabata yonseyi ndakhala ndi masikirini awiri patebulo, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku, mpaka khosi kuuma. Ndidzuke, ndikhale, ndidzukenso, tiyi kumangozizira. Mnzanga wa tebulo loyandikana akuti ndikapitiriza ndidzautha mpando ndi kuzungulira.

Dzulo abwana agamula kuti masewerawa azitsegukira pa njira yothamanga, poti anthu ambiri alibe makina amphamvu. Akuti palibe munthu amaima n'kumasirira denga adani akumuthamangitsa. Zinandiwawa, koma sananame. Ndinakumbukira kompyuta yanu ija, imene imalira ngati chigayo mukangoiyatsa.

Nditawachonderera, andilola kujambula madonthowo pamanja, kuwamata pansi ngati penti kuti makina asavutike nawo. Sadzasuntha monga amachitira m'njira yokongola, koma adzakhalapo. Andipatsa masabata awiri. Akatha ndisanamalize, chipindacho chituluka chotuwa choncho.

Ndiye lero m'mawa ndakhala pansi kuti ndiyambe, dzanja langoti njoo. Achimwene, sindikukumbukira. Timabowo ndinangotiika mongoganizira, kompyuta ndiyo inkandibisira umbuli wanga. Kodi dontho lalikulu lija linkagwera pabenchi kapena pafupi ndi chitseko? Paja abambo analibe wotchi, ankati likafika pamwendo wa benchi ndiye nthawi yopuma, n'kupachika sowo, n'kutituma madzi akumwa. Mwendo wake uti? Ndayesa wakumanja, ndafufuta. Ndayesa wakumanzere, ndafufutanso. Ndinathawira kuchimbudzi kukalira, ine amene ndinkasesa utuchi m'menemo tsiku lililonse.

Pempho langa ndi limodzi. Musanakwere padenga, dzalowenimo m'mawa wina dzuwa litawala, cha m'ma teni. Mutseke chitseko, mutenge choko, muzungulize dontho lililonse pamene lagwera, kenako mujambule ndi foni mutaima pakhomo n'kunditumizira. Musatume ana, adzangojambula zala zawo. Ndikudziwa kuti chichitikireni maliro simunakhalitsemo m'shedimo, ndipo mwina n'chifukwa chake mukufulumira ndi malata atsopano. Pepani kuti ndikukusenzetsani zimenezi, koma malata akangotsika palibenso wina woti ndimufunse.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya, asade nkhawa. Moni kwa alamu, kwa azakhali ndi kwa ana onse, makamaka wovuta uja wotengera ine.

Njira yothamangayo ndi yokhayo imene chigayo chanu chingakwanitse. Ndikufuna tsiku limene mudzatsegule masewerawa n'kulowa m'chipindamo, mudzapeze dzuwa lili pamwendo womwewo umene linkafikapo abambo akamapachika sowo.

Ndine mlongo wanu,
uja mumati Sakhazikika